Mwana akusokoneza 2/4 ndi 4/4: kodi ndalama za maphunziro a nyimbo zikungopita pachabe?

Mayi wina walemba kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 2 amaimba kwaya kutchalitchi ndipo akuphunzira kiyibodi. Akukonzekera mayeso a nyimbo a Giredi 3 a bungwe la ABRSM, koma aphunzitsi akamuyimbira nyimbo n'kumufunsa ngati ikugunda kawiri kapena kanayi, amangolota. Mayiwa akufunsa: kodi mwanayu alibe luso, ndisiye kulipira? Nanga zimenezi zili ndi tsogolo?

Mayi, musasiye. Pamene wakakamira mwana wanupo amakakamirapo ambiri, ngakhale akuluakulu oimba bwino. Ndipo bungwe la ABRSM, lomwe lili ku London, likudziwa kuti mpovuta. N'chifukwa chake pa Giredi 1 ndi 2 amangofunsa kusiyanitsa kugunda kawiri ndi katatu. Kanayi amakalowetsa pa Giredi 3, pomwe wafika mwana wanupa.

Nkhani yake ili motere. Nyimbo yolembedwa imadulidwa m'tizigawo totchedwa bar, ndipo manambala awiri osanjikizana koyambirira kwa nyimbo amanena za tizigawoti. Ya pamwamba pa 2/4 ikuti bar iliyonse ili ndi kugunda kuwiri, ya pansi ikunena mtundu wa noti imene ikuwerengedwa ngati kugunda kumodzi. Ana ochenjera masamu ndi amene amagwa msanga apa, chifukwa amati 4/4 ndi 2/4 ziwiri basi. Powerenga akunena zoona. Koma khutu silisamala za kuwerenga, limamva pamene pagwa kulemera. Pa 2/4 ndi kolemera, kopepuka, kolemera, kopepuka. Pa 4/4 koyamba n'kolemera, kachiwiri kopepuka, kachitatu kolemerako pang'ono koma kosafika pa koyamba, kachinayi kopepuka. Chinsinsi chonse chili pa kachitatuko. Kakalemera mofanana ndi koyamba, nyimboyo ikuyenda pawiri. Kakacheperako, ikuyenda panayi.

Poti mwanayu ndi wakwaya, ali kale ndi chida chimene sanachizindikire. Atenge pepala la solfa limene amaphunzirira nyimbo kutchalitchi, aliyang'anitsitse. Mzere wautali woimirira umatsogolera kugunda kolemera, timadontho tiwiri timatsogolera kopepuka, ndipo kamzere kafupi kamene kamakhala pakati pa bar ya kugunda kanayi n'ka kachitatu kaja. Ambiri amangowerenga d, r, m n'kudumpha zizindikirozi ngati zokongoletsa.

Kenako nkhaniyi ichoke papepala ipite m'thupi. Nyimbo za perete zambiri zimalembedwa mu 2/4 kapena 2/2 chifukwa msilikali ali ndi miyendo iwiri: lamanzere, lamanja. Aonere bandi ya apolisi ikuguba, kapena malipenga a ku Nkhata Bay, gule amene anatengera kaguba ka asilikali, ayende nawo pabwalo. Akatero aphunzire kamenyedwe ka dzanja ka wotsogolera kwaya. Pawiri dzanja limangotsika n'kukwera. Panayi limatsika, kupita kumanzere, kudutsa kumanja, n'kukwera. Nyimbo iliyonse imene ikulira pa wailesi aiyese ndi njira zonse ziwiri. Nthawi zambiri imodzi imakhazikika bwino, inayo imamveka ngati dzanja likuthamangitsidwa kapena likuchedwa. Azimvetseranso kutalika kwa mzere wa nyimbo ndi pamene makodi, manoti angapo olira pamodzi, akusinthira, chifukwa kawirikawiri amasintha pa kugunda koyamba.

Pali msampha wina umene ungamudikire kutsogolo. 6/8 sikugunda kasanu n'kamodzi, ndi kawiri, kungoti kugunda kulikonse kwagawika patatu. Chimodzimodzi 12/8 ndi kanayi. Apa ana athu amayenera kupambana anzawo a ku Ulaya, chifukwa ng'oma zambiri za muno mu Africa zimayenda motero, miyendo ikuponda kanayi pamene manja akudula patatupatatu. Zimandiwawa kuona mwana amene amavina bwino pa chinkhoswe akunjenjemera ndi 12/8 pa bolodi, osadziwa kuti ndi zomwe anakulira.

Za mayesowo musade nazo nkhawa kwambiri. Woyesa amaimba kanyimbo pa piyano, mwana amaomba m'manja motsatira, kuombetsa pa kugunda kolemera, kenako amangonena kuti kawiri, katatu kapena kanayi. Safunsidwa kutchula manambala aja. Mayeso onse ali ndi malikisi 150, wopeza 100 wakhoza, ndipo gawo lonse la kumvetsera lili ndi 18 okha, funso ili likungokhala limodzi mwa anayi a m'gawolo. Komanso kunena chilungamo, ilipo nyimbo ina imene wopeka akanatha kuilemba mu 2/4 kapena 4/4 popanda womva kudandaula. Kuphonya pamenepo si umboni woti munthu alibe khutu.

Chimene ndingakupempheni n'choti mufunse aphunzitsiwo ngati amamuimiritsa mwanayu kuti ayende, aombe m'manja, amenye ndi dzanja. Ngati phunziro lonse limathera pampando, vuto lingakhale kaphunzitsidwe.

Mwafunsanso ngati zimenezi zili ndi tsogolo. Sindingakulonjezeni chuma, ndipo masamu ndi Chingerezi asazitaye. Koma wodziwa kuwerenga nyimbo amafunika: kutsogolera kwaya, kuphunzitsa, kuimba m'bandi ya asilikali kapena ya apolisi, ngakhale mu situdiyo, momwe mapulogalamu a pakompyuta opangira nyimbo ngati FL Studio amatseguka ali kale pa 4/4 ndipo wosadziwa amakakamiza nyimbo iliyonse kulowa m'menemo. Akamaliza Fomu 4 angayang'ane maphunziro a nyimbo ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe. Ngati apitiriza ndi ABRSM, ayambiretu kuwerenga theory, maphunziro a kalembedwe ndi malamulo a nyimbo, chifukwa njira imene ambiri amadzera kuti aloledwe kulemba Giredi 6 ya kuimba ndi kukhoza kaye theory ya Giredi 5.