Loboti yanga inkangomva kulira kwa mota zake

Mmodzi wa inu owerenga wanditumizira imelo. Ali ndi kaloboti ka matayala awiri koyendera Arduino Uno (kabodi kakang'ono ka kompyuta), ndipo akufuna kazimva ndi kulankhula popanda waya. Funso lake n'lakuti: "Kodi HC-05 imene ndili nayo kale ingakwanitse?"

Ndinayamba ndaseka kaye. Sindikuseka inu ayi, ndikudziseka ndekha, chifukwa ine ndinagulapo ma HC-05 awiri ndili ndi maganizo omwewo. Ndi ka Bluetooth ndithu, koma ntchito yake n'kutumiza deta ya serial basi, monga lamulo loti loboti ipite kutsogolo kapena ikhote. Mawu sikanyamula. Nayonso Uno ili ndi RAM (malo osungira deta kwakanthawi) ya 2 KB yokha, pamene mawu a 16 kHz pa 16-bit amadya ma byte 32,000 pa sekondi imodzi. Musanamalize kunena "moni", yadzaza kalekale.

Nditazindikira zimenezi ndinasamukira ku ESP32, kabodi kamphamvu kuposa Uno kokhala ndi Wi-Fi ndi Bluetooth. Usiku woyamba nyimbo itatuluka pa sipika ya loboti kuchokera pa foni yanga, ndinkadziona ngati katswiri. Kutacha ndinati ndiikeko maikolofoni, ndipo mavuto anayambira pomwepo. A2DP, njira ya Bluetooth yomvera nyimbo, imapititsa mawu mbali imodzi yokha. Kuti apite uku ndi uku pamafunika HFP, ija ya mahedifoni oimbira foni, koma kumeneko mawu amatsika kufika pa 8 kHz, mukachita mwayi 16 kHz. Loboti yanga inkamveka ngati munthu wolankhulira m'chitini.

Kenako ndinapusanso. Ndinagula ESP32-S3 poganiza kuti chatsopano chiposa chakale. Osadziwa kuti S3 ili ndi BLE yokha (Bluetooth yosadya magetsi ambiri), Bluetooth yakale ija ilibe, ndiye A2DP ndi HFP iwalani. ESP32-C3 nayonso chimodzimodzi. Mayina ofanana chonchi amandikwiyitsa mpaka lero, koma datasheet, chikalata chofotokoza chipangizocho, inalipo, wosawerenga ndinali ine.

Komabe chimene chinandidyera masabata ambiri si wayilesi, koma phokoso. Maikolofoni yanga yoyamba inali ya analogi, yolumikiza ku ADC (mbali yosandutsa mawuwo kukhala manambala), ndipo inkamwa magetsi pa batire limodzi ndi mota. Loboti ikaima, mawu ankamveka bwinobwino. Ikangoyamba kuyenda, nziii! Mwana wanga ankati muli udzudzu m'kati. Kulira kumeneko kunali PWM ya mota (kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mwachangu powongolera liwiro) kudutsa m'mawaya a magetsi, kuphatikizapo kunjenjemera kwa magiya, poti maikolofoni ndinaimangira pa pulasitiki yomweyo imene panali mota. Nditachepetsa zimenezo kunabwera china: maikolofoni inkamva sipika, sipika n'kubwereza, maikolofoni n'kumvanso, mpaka kulira koboola m'khutu. Ndinataya masiku ndikusintha pulogalamu, vuto lili pa zomangira ndi mawaya.

Ndinene mosabisa: kwa munthu wopanga loboti kunyumba, kulimbana ndi Bluetooth kuti mawu apite mbali zonse ziwiri n'kutaya nthawi. Ena amalimbikira kuti Bluetooth iyendetse mawu, Wi-Fi iyendetse mota. Pa ESP32 ziwirizi zimagawana wayilesi imodzi ya 2.4 GHz, ndiye mawu amayamba kudukaduka. Amene akuti zinamuyendera bwino, mufunseni ngati loboti yake inali ikuyenda pa nthawiyo.

Nanga muchite chiyani?

Uno isiyeni iziyendetsa mota. Onjezani ESP32 ya mawu okhaokha, maikolofoni ya digito INMP441 ndi ampulifaya MAX98357A, zonse za I2S, njira ya digito yotumizira mawu pa waya. Mawu muwatumize pa Wi-Fi kudzera pa UDP (njira yotumizira deta mwachangu pa netiweki), 16 kHz pa 16-bit, tizidutswa ta 20 ms. Zimenezo ndi 256 kbps, Wi-Fi siimva n'komwe kulemera. Pa mota iliyonse wotcherani kapasita ya 100 nF, ESP32 ikhale ndi regulator (chowongolera magetsi) yakeyake, ndipo GND (waya wa negetivu) ya mbali zonse ikumane pamalo amodzi. Maikolofoni ikhale pa kasiponji, kutali ndi magiya. Sipika ikamalankhula, pulogalamu izitseka maikolofoni, monga mmene amachitira pa walkie-talkie. HC-05 ija musaitaye, ikhoza kukhalabe rimoti yoyendetsera matayala.