Kwa achemwali a ku Machinjiri amene sadya masamba

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga, ndawerenganso mayankho amene abwera kale pansi pake. Mwati kuchipatala anakuuzani kuti BP yayamba kukwera ndipo muyesetse kuchepetsa thupi, koma chiyambire muli mwana masamba simudya, nyemba zimakukanirani pakhosi, usipa ndi matemba fungo lokha limakubwezani. Zanu ndi nsima ya nkhuku kapena nyama, mazira, mpunga, buledi ndi tchipisi, basi. Mukufunsa ngati munthu wotere angachepetse thupi. Angathe ndithu. Awo akukuuzani kuti "ingodzikakamizani, ndinu wamkulu" asiyeni. Munthu wodya chilichonse sadziwa momwe therere limamvekera m'kamwa mwa mnzake amene mtima ukuchita nseru.

Mmene ndikuonera ine, mwamanga nkhani ziwiri mtolo umodzi, n'chifukwa chake ukukulemerani. Kunenepa ndi nkhani ina, kusankha zakudya ndi inanso. Simunanenepe chifukwa chosadya bonongwe. Kuno ku Ndirande aliko anthu oti mpiru sasemphana nawo tsiku lililonse koma mimba zili patsogolo, chifukwa mpiruwo umasambira m'mafuta ndipo pambali pake pali mitanda inayi. Chonenepetsa ndi kuchuluka kwa zimene zikulowa, makamaka mafuta, shuga ndi zokhutitsa, kuposa zimene thupi likugwiritsa ntchito. Choncho kuchepetsa thupi mutha kuyamba mawa lomweli ndi zakudya zomwe mumadya kalezo, osalawa ngakhale tsamba limodzi. Za masamba zibwera pambuyo, ndipo zimenezo sizothamangira.

Yambani ndi zakumwa, poti kumeneko simufunika kuphunzira chakudya chatsopano. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu shuga wothira ndi wa m'zakumwa asapitirire magalamu 50 patsiku, omwe ndi timasupuni ta tiyi pafupifupi 12, ndipo kutsika mpaka 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml muli timasupuni pafupifupi 8. Tsopano werengani nokha. Tiyi wam'mawa kunyumba timasupuni titatu, wa 10 koloko ku ofesi titatu, masana botolo pa tchipisi. Dzuwa lisanapendeke mwafika kale pa 14, musanawerenge Sobo wa madzulo, maheu ogula, juwisi wa m'mapaketi kapena thobwa la shuga la kumpingo. Choipa cha shuga wakumwa n'chakuti sakhutitsa: mumwa, n'kudyabe mbale yanu yonse. Musadule kamodzin'kamodzi, tiyi angakuipireni n'kubwerera. Chokani pa titatu kufika pa tiwiri, mukhale pamenepo milungu ingapo, kenako kamodzi. Lilime limazolowera, mpaka tsiku lina mudzamwa tiyi kwa anzanu n'kudabwa kuti anthu amamwa bwanji manyuchi otere. Zakumwa za m'botolo zikhale za paukwati.

Kenako chiwaya. Mawa mukakagula tchipisi muimirire muone bwinobwino. Mnyamata amavuula tchipisi pakati paja pamene mafuta akuwira, n'kuunjika m'mbali, inu mukangoloza amatapa, kuthira mchere, ndipo ena amawonjezanso kamafuta pamwamba ngati basela. Pofika pa desiki pepala lonse lanyowa, likuwala. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120. Galamu ya mafuta imapereka makalori 9 pamene ya sitachi wa mu ufa kapena mbatata imapereka 4. Ndiye kuti mbatatesi payokha ilibe mlandu waukulu, mlandu uli ndi mafuta amene yamwa. Mbatatesi yomweyo mukaiwiritsa pang'ono, n'kuiwotcha mu uvuni kapena pa fulayipani ndi supuni imodzi ya mafuta, imakomabe. Nkhuku chotsani chikopa, muiwotche pa mbaula m'malo moimiza m'mafuta. Mazira nthawi zina muziwiritsa. Ndipo kukhitchini kwanu lekani kuthira mafuta kuchokera m'botolo, dzanja limanama. Thirani ndi supuni, mudziwe kuti mumphika mwalowa zingati. Tchipisi cha pachiwaya sindikuti musiyiretu, koma chikhale cha kamodzi pa mlungu, cha ndalama zochepa, osati nkhomaliro ya tsiku ndi tsiku.

Nsima musasiye. Aliyense amene ndamuona akulumbira kuti nsima basi, patapita masiku amakapezeka usiku akupala mphika. Ingochepetsani: ngati mumadya mitanda itatu, idyani iwiri, ndipo chipande chikhale chaching'ono. Anthu ambiri pano alemba kuti mgaiwa umaondetsa. Si zoona kwenikweni. Mphamvu ya mgaiwa ndi ya ufa woyera sizisiyana kwambiri. Ubwino wa mgaiwa ndi woti gaga amakhala momwemo, choncho umakhalitsa m'mimba, njala imachedwa kubwera ndipo kuchimbudzi kumayenda bwino, chinthu chimene munthu wosadya masamba amavutika nacho. Ngati kukhakhala kwake simukufuna, sakanizani: gawo limodzi mgaiwa, magawo atatu woyera, n'kumawonjeza pang'onopang'ono. Mpunga nawo muziyeza, poti umanyenga, munthu amadzaza mbale osazindikira. M'mawa, m'malo mwa buledi wopaka majarini wambiri ndi mandasi, yesani mbatata yophika ndi dzira limodzi kapena awiri. Dzira, nkhuku, mtedza, chambiko zimagwira m'mimba kuposa zaufa, ndipo mwayi wanu ndi woti zina mwa zimenezi mumazikonda kale.

Tsopano ku masamba kuja. Funso loyamba sikuti "ndidye ati", koma "kodi chimene ndimakana n'chiyani kwenikweni?" Mukati sindidya masamba mwaphatikiza zinthu zambiri zosiyana. Ena chimawavuta ndi kuwawa. Zimenezi si matama, anthu ena amabadwa ndi lilime lomva kuwawa kwambiri kuposa anzawo, moti mpiru umene wina akuti wakoma kwa iwo ndi mankhwala. Ena ndi kuterera. Ena ndi fungo. Ena ndi kufewa kuja, ndiwo zophikidwa mpaka kusanduka phala lakuda. Ambirife masamba tinakumana nawo koyamba atathiridwa soda n'kuwiritsidwa mpaka kutha mtundu, kapena kabichi wa kusukulu yogonera wongoyandama m'madzi. Munthu amene anakulira zimenezo sindingamudabwe. Komanso soda amaononga mavitamini ena m'masamba, ndiye mukamukana simunataye kanthu.

Ngati ndi kuwawa, mpiru, chisoso ndi luni zisiyeni kaye, yambani ndi zotsekemerako: karoti, maungu, zitheba, kabichi wanthete, chayinizi. Ngati ndi kuterera, therere lisiyeni, kaya mpaka kalekale, palibe anafa chifukwa chosadya therere. Koma poona mndandanda wanu, tchipisi, nkhuku yokazinga, buledi, ine ndikuganiza kuti inu mumakonda zouma ndi zokhurumula m'kamwa, zofewa phwetete ndiye ayi. Ngati ndi choncho, khomo lanu ndi masamba aawisi kapena ophika mphindi zochepa. Kakabichi kaja amakuikirani pambali pa tchipisi mumakataya kapena mumadya? Ngati mumakadyako, mwayamba kale. Karoti wamuwisi wotsuka bwino, nkhaka, kabichi woduladula wothira mandimu ndi kamchere pang'ono. Chayinizi mukamukazinga mwachangu pa moto waukulu, akadali wobiriwira, ndi ndiwo ina kusiyana ndi uja wogona mumphika.

Njira imene imathandiza kwambiri ndi kuyambira pa chimene mumadya kale n'kusuntha phazi limodzi lokha. Mazira mumadya ndi tomato ndi anyezi? Mlungu uno dulirenimo girinipepa pang'ono, tizidutswa ting'onoting'ono. Mukazolowera, masamba awiri a chayinizi odula bwino ngati fodya. Mumsuzi wa nkhuku palirenimo karoti, amasungunuka osaoneka. Nkhwani wotendera ambiri osadya masamba amaulola chifukwa chimamveka ndi nsinjiro. Kungoti nsinjiro ili ndi mafuta ake, musathirenso ena. Nyemba ngati vuto ndi makoko aja okakamira m'kamwa, yesani chipere: nyemba zonyika, zochotsa makoko, zophika mpaka kuphwanyika. Nandolo wamuwisi, amene nyengo yake amadzaza mumsika wa Limbe, ndi wotsekemera ndipo samveka ngati wouma uja. Usipa wouma ngati fungo likukanikani, chambo chachiwisi chowotcha chothira mandimu sichinunkha chimodzimodzi. Chikakanikanso, nsomba zisiyeni. A zaumoyo kuno amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Sananene kuti mudye chilichonse cha m'gulu lililonse. Mukapeza ziwiri kapena zitatu m'gulu zomwe zimatsika bwino, zakwana.

Chinanso, kulawa kamodzi si chiweruzo. Amene amafufuza za kadyedwe ka ana anapeza kuti chakudya chachilendo chimafunika kulawidwa kambirimbiri, nthawi zina ka 10 mpaka 15, mwana asanachilandire, ndipo lilime la wamkulu nalo limaphunzira mobwerezabwereza momwemo. Ndiye tengani chakudya chimodzi chokha, supuni imodzi yokha, poyamba penipeni pa chakudya njala ikadalipo. Mukameza, pitirizani ndi nkhuku yanu. Mawa kapena mkuja chimodzimodzi. Chitani muli nokha kapena ndi munthu amene sakuyang'anitsitsani pakamwa, osati kwa apongozi anthu atazungulira mbale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chikakana mutayesa kokwanira, chisiyeni, tengani china.

Pa zipatso simunanene kanthu, ndipo ngati mumadya ndiye muli pabwino, poti Blantyre wazunguliridwa nazo: nthochi za ku Thyolo, nanazi wa ku Mulanje, manachesi a ku Mwanza nyengo yozizira, mango ndi masuku kumapeto kwa chaka, magwafa, papaya. WHO imalimbikitsa magalamu 400 a zipatso ndi masamba patsiku, mbatata ndi chinangwa osawerengera. Pamene masamba mukuwaphunzira, zipatso zikhoza kusenza gawo lalikulu. Muzidya chipatso chenicheni, osati kufinya juwisi, pakuti malalanje anayi mutha kumwa mphindi imodzi koma kudya simungamalize. Peyala ndi labwino koma lili ndi mafuta ambiri, theka lakwana.

Poti mwatchula BP, mchere usaiwalike. Muyeso wake ndi magalamu osapitirira 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'buledi, soseji ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija. Kambale ka mchere kachoke patebulo.

Ndaonanso wina wakulemberani kuti mumupeze ku inbox ali ndi tiyi woondetsa. Musataye ndalama. Matiyi ambiri oterewa ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa, sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo kwa munthu wa BP n'zoopsa. Madzi otentha a mandimu m'mamawa imwani ngati mumawakonda, koma sasungunula mafuta. Kudzimana nkhomaliro nakonso kumabwezera madzulo, mumafika kunyumba mutalusa. Kutsika kwabwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa mlungu, ndipo milungu ina sikelo imangoima, musadandaule. Simufunikanso kubwerera thupi la kusekondale: munthu wa makilo 90 akataya 5 mpaka 9, nthawi zambiri BP ndi shuga zimayamba kale kusintha. Ngati sikelo mulibe, tengani chingwe, muchidule kutalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, muzungulize pamimba cha pamchombo. Nsonga zikakumana, muli bwino. Zikapanda kukumana, mpata wotsalawo ndiwo muziuyang'ana mwezi ndi mwezi.

Kuyenda kumathandiza mtima ndi BP ngakhale sikungafafanize tchipisi cha tsiku lililonse. Mphindi 150 pa mlungu, kutanthauza theka la ola masiku asanu, kuyenda kofulumira koti mpweya ukwereko. Jimu si yofunika mumzinda wa zitunda ngati uno. Tsikani minibasi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike, kabaza wa kamtunda kakafupi mumusiye.

Konzekeraninso pakamwa pa anthu. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikuyenda, akayamba kutsika anthu amanong'onezana, ena amafunsa pamaso kuti "kodi muli bwinobwino?" Kwa achibale adzakuunjikirani mbale, mukasiya ati mwanyoza. Musachite kufotokoza zambiri. Ingonenani kuti "adokotala andiletsa, BP", mawu amenewo ngakhale azakhali ovuta amawalemekeza. Tapani nokha pang'ono anthu asanakutapireni.

Kuchipatala musasiye kupita. Ngati anakupatsani mankhwala a BP pitirizani kumwa ngakhale thupi litayamba kutsika, wosintha ndi dokotala. Pemphani akuyezeninso shuga. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, za kuchepetsa chakudya mukambirane nawo kaye. Amayi ena jakisoni wolera amawanenepetsa, ngati inunso zinayamba choncho auzeni anamwino, musangosiya nokha. Ndipo ngati kusankha kwanu kumafika poti mumasanza mukangolawa chachilendo, mumaopa kutsamwa, kapena mumathawa maukwati ndi maphwando chifukwa cha chakudya, vuto limenelo madokotala amalidziwa, amalitchula kuti ARFID, ndipo mutha kupempha kuti akutumizeni kwa katswiri wa zakudya.

Mutiuzeko zinthu ziwiri kuti tikuthandizeni molunjika: kunyumba amaphika ndani, inu kapena wina? Ndipo pa masamba onse amene munalawapo, ndi ati amene munameza osatseka maso?