Mtima ukamathamanga usiku: yankho kwa mayi wa ku Lizulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Akuti kwa miyezi itatu tsopano tulo sitikubwera. Akangodziponya pamphasa mtima umayamba kuthamanga, m'manja thukuta, maganizo n'kumangozungulira pa ngongole ya banki m'khonde ndi fizi ya ana. Akufunsa ngati pali zitsamba zoti amwe kuti mtima ukhale m'malo. Anenanso kuti ali pa ma ARV, ndipo mnzawo wawalozera botolo lina limene anyamata amagulitsa pa siteji.

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi botololo chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa kwambiri: chonde musaligule. Simungadziwe zimene asakanizamo, komanso kuchuluka kwake. Pali chitsamba china chakunja, St John's wort, chimene amachiika m'mapiritsi ambiri okhazika mtima pansi. Chitsambachi chimachititsa kuti chiwindi chichotse msanga mankhwala ena m'magazi, kuphatikizapo dolutegravir, amene ali m'piritsi la ma ARV limene anthu ambiri kuno akumwa masiku ano. Mphamvu ya mankhwalawo ikachepa, kachilombo kamapeza mpata. Chimafooketsanso mapiritsi olera. Ashwagandha, amene watchuka pa Facebook, nayenso si wongomwa chimwereni: anthu ena wawavulaza chiwindi, amayi oyembekezera saloledwa, ndipo dziko la Denmark linamuletsa mu 2023.

Tsono tibwere ku zimene zingakuthandizeni. Chamomile, amene amapezeka m'timapaketi ta tiyi m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe, ndiye amene ndimamudalira kuposa ena. Mu 2009 ofufuza a pa University of Pennsylvania anayesa makapisozi ake pa anthu a nkhawa yosatherapo, ndipo anapeza kuti nkhawa inatsikako poyerekeza ndi amene anamwa makapisozi opanda mankhwala. Inatsika pang'ono, siinatheretu, ndiponso kapu ya tiyi ndi yofooka kuposa kapisozi. Komabe kapu imodzi madzulo siingakupwetekeni, pokhapokha ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi.

Lemon grass, udzu uja wonunkhira ndimu umene timadzala kuseri kwa khitchini, anthu amautama kwambiri. Ku Brazil anauyesa pa anthu mu 1986 ndipo anapeza kuti si woopsa, koma sugonetsa kapena kuchotsa nkhawa. Nanga n'chifukwa chiyani ndikukuuzanibe kuti muzimwa? Chifukwa cha chimene ukulowa m'malo mwake. Ndikudziwa mmene kumazizirira ku Lizulu ndi ku Bembeke mu June ndi July. Munthu wokhala pamsika kuyambira m'mamawa amamwa tiyi wakuda kapu pa kapu kuti atenthedwe, ena amawonjezera zakumwa zopatsa mphamvu zija. Zonsezi muli caffeine, amene amathamangitsa mtima, ndipo pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'thupi. Tiyi amene mwamwa dzuwa litapendeka amakhala akugwirabe ntchito pamene mukufuna kugona. Ikangokwana 12 koloko masana siyani tiyi wakuda, wiritsani lemon grass. Muone mmene zikhalire pakatha sabata ziwiri.

Chidede ndi chabwino, chimatsitsako BP pang'ono, koma si mankhwala a nkhawa. Ngati muli kale pa mankhwala a BP kapena ndinu woyembekezera, funsani kaye kuchipatala. Za chamba ndi kachasu ndinene mosapsatira: zimakunamizani usiku umodzi, m'mawa mwake nkhawa imabwerera yowirikiza.

Pali china chimene ndikufuna muchite sabata ino, ndipo n'chofunika kuposa tiyi aliyense. Mtima kuthamanga sikuti nthawi zonse ndi maganizo. Kuchepa kwa magazi m'thupi, kumene kumavuta amayi ambiri, kumachita chimodzimodzi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyezo, chimodzimodzinso. Mukapita kukatenga ma ARV, auzeni adokotala zonse monga mwandiuzira ine, akuyezeni magazi ndi BP. Muwauzenso za kusowa tuloko, chifukwa kwa anthu ena dolutegravir yemweyo amasokoneza tulo, ndipo adokotala angakuuzeni nthawi yabwino yomwera. Musasiye mankhwala panokha. Pachipatala cha boma cha Ntcheu kapena cha Dedza mungathenso kupempha kuonana ndi amene amathandiza pa matenda a maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwachita misala.

Usiku mtima ukayamba, khalani tsonga. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumauza mitsempha kuti palibe choopsa, ndipo mtima umabweza liwiro.

Ngongole ija, mayi, palibe tsamba limene lingaichotse. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi n'kumamvetsera anthu amene akuganiza kwambiri, kenako n'kusankha nawo vuto limodzi loti ayambe nalo. Njirayi inayesedwa ndipo inathandiza anthu ambiri. Inunso pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya ndi mayi wa mvano, kaya ndi mchemwali wanu, muwerenge naye ngongoleyo papepala, ndipo mukalankhule ndi apampando a gulu lanu tsiku lobweza lisanafike.

Ngati tsiku lina maganizo ofuna kudzipha atakufikirani, musadikire kuti kuche. Dzutsani munthu wapafupi, akuperekezeni kuchipatala nthawi yomweyo.

Mukayezetsa magazi mundilemberenso, ndimve zimene apeza.