Kachipangizo kakayeza, zotsatira zimapita kuti?

Achemwali, mwafunsa ngati tizipangizo toyezera matenda pomwepo tidzathetsa ntchito ya labotale, komanso ngati zotsatira zathu zimakhala zotetezeka zikamadutsa pa intaneti. Funso lachiwirilo ndi limene limandisowetsa tulo, koma ndiyambe ndi loyamba.

Labotale siidzatha, koma ntchito yambiri yachokako kale. Kale, kuti adziwe ngati chifuwa chachikulu chikukana mankhwala, ankadikira masabata angapo kuti tizilombo ta m'makhololo tikule. Mu 2010 bungwe la WHO linavomereza kuyeza ndi makina a GeneXpert, amene pasanathe maola awiri amaonetsa ngati TB ilipo ndiponso ngati ikukana mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Mu 2015, Ebola ili mkati ku Guinea, asayansi anawerenga majini (malangizo a chibadwa) a kachilomboko ndi MinION, kachipangizo kokwana m'dzanja kolumikiza ku laputopu. Kutsogoloku dontho limodzi lizikwanira kuyeza matenda angapo, ndipo kamera ya foni iziwerenga kamzere kofooka kamene diso likanakakayikira. Komabe wolonjeza zodabwitsa tizimufunsa umboni: kampani ya ku America ya Theranos inkati iyeza matenda ambirimbiri ndi magazi a pachala, koma Elizabeth Holmes amene anaiyambitsa anapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo mu 2022.

Vuto lenileni lili pa zotsatira. Kaseti yoyezera malungo pomwepo ikaonetsa mizere, munthu amalandira mankhwala, kaseti n'kutayidwa. Ngati palibe walemba, zonse zathera m'bini. Mungati palibe kanthu poti wodwala wathandizidwa, koma taganizani izi: tizilombo tina ta malungo tinataya jini yopanga puloteni ya HRP2, yomwe makaseti ambiri amafufuza. Munthu malungo ali nawo, kaseti ikuti alibe. Izi zinayamba kulembedwa ku Peru mu 2010, ndipo Eritrea inasiya makaseti amtunduwu mu 2016. Namwino mmodzi sangazindikire zimenezi payekha. Zimaoneka wina akasonkhanitsa zotsatira zambiri n'kuziyerekeza ndi za pa maikulosikopu.

Kusonkhanitsako nakonso kumafuna luso. Mu 2020 ku England, zotsatira za anthu pafupifupi 16,000 amene anapezeka ndi COVID-19 zinachedwa kufika kwa ofufuza anthu amene anakhudzana nawo, chifukwa fayilo yakale ya Excel inadzaza mizere yake. Kuyeza kunali kolondola, choikamo zotsatira ndicho chinaboola.

Tsono mbali inayo. Mphamvu ya kudziyeza HIV wekha, kumene WHO inalimbikitsa mu 2016, ndi yakuti palibe akukuona. Pulogalamu ya pafoni ikamatumiza dzina, malo amene uli ndi zotsatira ku seva ya kampani, chinsinsicho chatha, ndipo ambiri angoleka kuyezetsa. Sindiwaimba mlandu. Munthu akhoza kutaya banja kapena ntchito chifukwa cha mzere umodzi umene wafika m'manja olakwika. Lamulo la GDPR la ku Ulaya, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera, koma lamulo lotere silili paliponse.

Ine ndikuona kuti zotsatira zokhala ndi dzina zizikhala kwa wodwala ndi chipatala chake basi. Oyang'anira miliri azilandira chiwerengero, dera ndi tsiku, popanda dzina, ndipo derali lisakhale laling'ono moti anthu n'kuloza kuti ndi uje. Zipangizo za makampani osiyana zizitumiza m'kalembedwe kamodzi, monga HL7 FHIR, kuti zilowe mosavuta m'makina osonkhanitsa ziwerengero za umoyo ngati DHIS2, m'malo moti kampani iliyonse izitsekera zotsatira kwawo. Ndipo netiweki ikasowa, kachipangizo kaziyezabe n'kusunga, kadzatumize pambuyo pake.

Mukagula choyezera chofuna pulogalamu ya pafoni, musanadine povomereza, werengani kaye ngati angagawireko makampani ena, ngati mungathe kufufuta zotsatira zanu, komanso ngati chimagwirabe ntchito mukakana kulembetsa dzina. Chimene chikukana kuonetsa zotsatira mpaka mutapereka dzina ndi nambala ya foni, ine ndimachisiya.