Sapitwa sangakuthandizeni pa Ben Nevis

Achimwene ena a ku Glasgow andilembera kuti anzawo akuntchito akufuna akakwere Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Scotland, mu Januwale, nyengo yozizira ya sinowo (chipale chofewa). Akuti iwo mantha alibe poti pa Sapitwa anafikapo, ndipo akufunsa ngati pali choopa kukacha bwino.

Achimwene, funso lanuli landiyabwa. Inde Sapitwa ndi mamita 3,002 pomwe Ben Nevis ndi 1,345 okha, koma ku Mulanje kulibe sinowo woti angagumuke pansi pa mapazi anu n'kukukwirirani. Mu Malichi 2019 sinowo anagumuka mu kachigwa kotchedwa Number 5 Gully pa Ben Nevis, anthu atatu anafa. Mu Januwale 2013 ku mapiri a Glencoe, ku Scotland komweko, sinowo wogumuka anapha anayi. Sanali ana osadziwa mapiri.

Nditangofika kuno ku Scotland ndinatsatira gulu lina ku mapiri a Cairngorms. Kunja kunali mbee, dzuwa lili phwee. Tili pakati pokwera, mayi amene ankatitsogolera anaima n'kuyamba kukumba ndi kafosholo. Pamwamba panali chigamba cholimba, sinowo amene mphepo inamuunjika usiku kumbali yobisika ya phiri. Pansi pake panali wina woyoyoka ngati shuga. Mayiwo anangomenya pang'ono ndi chikhatho, chigamba chonse chija n'kutsetsereka. Basi, anati tibwerere. Mnyamata wina anang'ung'udza ulendo wonse za ndalama ya petulo, ndipo ndikuuzeni, anthu otere ndi amene amaphetsa anzawo. Iye ankafuna chithunzi cha pansonga choti aike pa WhatsApp. 

Choncho ine ndimakana kuti kuwala kwa dzuwa ndi chizindikiro choti palibe choopsa. Kuno ku Scotland wopalamula wamkulu ndi mphepo ya dzulo ndi dzana, osati mitambo ya lero. Nthawi zambiri amene amagumula sinowo ndi wokwiririkayo kapena mnzake, ndi kulemera kwa phazi basi. Munthu akafukulidwa mphindi 15 zisanathe amapulumuka kawirikawiri, zikapitirira mwayi umatha msangamsanga. Helikopita singafike nthawi imeneyo, okufukulani ndi anzanu akuntchito omwewo. Kodi amadziwa kufukula munthu?

Ndiye mutani?

Werengani lipoti la Scottish Avalanche Information Service, bungwe lochenjeza za kugumuka kwa sinowo. Limatuluka tsiku lililonse nyengo yozizira, ndipo Ben Nevis ali m'chigawo cha Lochaber. Pali milingo isanu ya chiopsezo, wachitatu usakupusitseni kuti ndi wapakati, umapha kwambiri. Pewani malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, komanso m'mphepete mwa nsonga momwe sinowo amalendewera pamwamba pa phompho. Mukaona ming'alu ikuthamanga kuchokera pa nsapato zanu, bwererani. Koma ulendo woyambawu lipirani wotsogolera wodziwa ntchito, apo ayi dikirani Juni.