Funsani Achimwene Apaulendo: midzi isanu tsiku limodzi, zitheka?

FUNSO

Achimwene, ine ndi bambo a kunyumba tikukwanitsa zaka 25 tili pabanja, ndiye ana atilipirira ulendo wa chombo chachikulu chija chozungulira nyanja ya Mediterranean. Tsiku lina chidzakocheza ku La Spezia, m'dziko la Italy, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ine mtima uli pa midzi isanu ya Cinque Terre, ya nyumba zopakapaka utoto ija. Eni chombo ali ndi ulendo wawo, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Kodi tingathe kupita tokha pa sitima ya pamtunda? Bambowo bondo limawavuta.

Mayi N., Leeds

YANKHO

Achemwali, poyamba ndikuti mafuno abwino pa zaka 25, ndipo anawo mwalera bwino. Kupita nokha zitheka, ine ndinapitako choncho. Koma midzi isanu yonse iwalani. Sankhanipo itatu, ndipo bondolo likadandaula, iwiri ikwana.

Kuti tisasokonezane, ya pamadzi ndiziti chombo, ya panjanji ndiziti sitima.

Mukachoka ku La Spezia midziyi imandandalikana motere: Riomaggiore, Manarola, Corniglia, Vernazza, kenako Monterosso al Mare. Yonse ili pa njanji imodzi yopita ku Levanto. Kukafika mudzi woyamba sipatha mphindi 10, wotsiriza mphindi 25 kapena kucheperapo. Kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala kumakhala sitima zotchedwa Cinque Terre Express, zomwe zimabwera pafupipafupi, kangapo pa ola. Musayembekezere kuona nyanja ulendo wonse, chifukwa njanjiyo anachita kuiboola m'mapiri. Mdima, kenako nyanja ng'anii, kenako mdima.

Nthawi imadyeka musanakwere n'komwe. Padoko salola kuyenda wapansi. Basi imakutengani pachombo n'kukakusiyani pachipata. Kuchoka pamenepo kukafika pa siteshoni ya La Spezia Centrale ndi mtunda wa pafupifupi theka la ola wapansi. Inu kwerani takisi, bondolo lisungidwire kutsogoloko. Pa siteshoni funsani Cinque Terre Card ya sitima, ya tsiku limodzi. Imakulolani kukwera n'kutsika momwe mungafunire pakati pa La Spezia ndi Levanto. Mtengo wake umasintha malinga ndi nyengo, koma phindu lake lenileni n'lakuti simuimanso pamzere m'mudzi uliwonse. Mukhozanso kuigula pa intaneti musananyamuke. Mukagula tikiti ya pepala, muidinditse m'kamakina ka pa siteshoni musanakwere. Kondakitala akakupezani nayo yosadinda, mulipira chindapusa, ndipo zoti "ndine mlendo" sazimva.

Yambani ndi mudzi wakutali, Monterosso, kuti tsiku likamapita muzisendera kufupi ndi chombo. Komanso uwu ndiye mudzi wokomera bondo: mukangotuluka mu siteshoni nyanja ili pamaso panu, mchenga ndi maambulera, njira yake yosakwera. Kumudzi wakale mumadutsa m'kangalande koboola phiri, mphindi 10 zokha. Kumeneko musalephere kulawa tinsomba tawo totchedwa acciughe. Amatikazinga n'kukuikirani m'kapepala kopinda ngati ka mtedza, ndi kandimu pamwamba. Nditaluma koyamba ndinaseka ndekha: uyu ndi usipa, wangosowa nsima.

Kenako Vernazza, mudzi umene ine ndinaukonda koposa, ngakhale kuti unandichititsa manyazi. Siteshoni yake ndi yaifupi, yopanikizika pakati pa mapiri awiri, moti sitima ikaima mabogi ambiri amakhala ali mumdima wa ngalande. Ine ndinali kumbuyo. Sitima inaima, kunja kuli bii, ine phee pampando kudikira kuti tifike. Ndinangoona agogo ena achitaliyana akudina batani la chitseko, n'kutsika ndi kachikwama kawo ka buledi. Mumtima ndinati agogowa asokonezeka. Sitima itanyamuka mpamene chikwangwani cha Vernazza chinandidutsa pawindo, ine kukamwa yasaa. Kubwerera kwake kunandidyera theka la ola. Ndiye inu mukamva dzina la mudzi wanu, imirirani, dinani batani, tsikani ngakhale muli mumdima. Pulatifomu ilipo, muzingotsata anthu kulowera kowala.

Mukatsika masitepe a siteshoni, msewu ndi umodzi wokha, wotsetsereka pang'onopang'ono mpaka kudoko. Kumapeto kwake kuli bwalo, timabwato, ndi tchalitchi cha Santa Margherita chomwe chinamangidwa m'mphepete penipeni mwa madzi. Pa 25 Okutobala 2011 kunagwa chimvula, matope ndi miyala n'kutsika mumsewu womwewo mpaka kukwirira zitseko za masitolo. Lero mukamadutsapo, anthu akunyambita ayisikilimu, simungadziwe. Khalani pabwalopo, idyani focaccia, buledi wawo wafulati, bambo apumitse mwendo. Malo ano si ofunika kuwathamangira.

Corniglia idumpheni. Mudziwu uli pamwamba pa phiri, ndipo kuchoka pa siteshoni pali masitepe opitirira 370. Kabasi kokweza anthu kalipo, koma nthawi ya alendo ambiri mzere wake umatha kukudyerani nthawi yomwe mulibe.

Wachitatu ukhale Manarola, chifukwa chithunzi chomwe chinakukopani chija, nyumba zosanjikizana pathanthwe, n'kutheka kuti chinajambulidwa kumeneko. Tsikirani kudoko, mudutse mabwato omwe amawaimika mumsewu ngati magalimoto, mukhotere kumanja m'kanjira ka m'mbali mwa thanthwe, ndiye mucheuke. Pali njira inanso yotchuka, Via dell'Amore, yolumikiza Riomaggiore ndi Manarola. Inatsekedwa mu 2012 miyala itagumuka, n'kutsegulidwanso mu 2024. Dzina lake n'loyenera anthu a zaka 25 pabanja, koma imafuna tikiti yapadera ya nthawi yoikika, ndipo alendo amaiyenda kuchokera ku Riomaggiore. Ngati mwaifunitsitsa, pitirirani pa sitima mpaka ku Riomaggiore n'kubwerera ku Manarola wapansi, koma pamenepo Monterosso muichepetsere nthawi.

Tsopano nkhani ija yondisowetsa tulo. Ngati chombo chinyamuka 6 koloko, nthawi yoti nonse mukhale mutakwera imakhala isanakwane, kawirikawiri hafu 5. Adzailemba pakhomo potsikira, ijambuleni pafoni. Ulendo wa eni chombo ukachedwa, chombo chimadikira. Inu opita nokha mukachedwa, mudzachipeza chili pakati pa nyanja, n'kuyamba kuchilondola kudoko lotsatira ndi ndalama zanu. Ndiye pofika hafu 3 mukhale muli pa siteshoni, mukuyang'ana sitima yolembedwa La Spezia. Madzulo sitima zimadzaza ngati minibasi ya kumapeto kwa mwezi, moti yoyamba ikhoza kukusiyani. M'chipwirikiti chomwecho ndi momwe opisa m'matumba amagwirira ntchito, choncho chikwama chikhale kutsogolo.

Mawu awiri achitaliyana muwasunge. Binario ndi pulatifomu. Sciopero ndi sitalaka, ndipo ku Italy sitalaka ya sitima amailengeza pasadakhale. Kutatsala masiku angapo fufuzani pa intaneti. Tsiku lanu likagwera pa sciopero, lipirani ulendo wa eni chombo uja, kapena funsani za maboti ochoka ku La Spezia, ngakhale kuti nyanja ikawinduka iwonso sayenda.

Simunanene kuti muli ndi pasipoti yanji. Ngati ndi ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Italy, mufunika viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo popanda imeneyo akhoza kukubwezani musanakwere n'komwe chombo. Yambani kuifunsira panopa, malo a nthawi yokaonana ndi opereka vizayo amatha msanga nyengo yotentha ikamayandikira.