Zitseko zodetsa pulani mu Revit: konzani family, osati view

Achimwene, mwafunsa za zitseko za mu Revit, pulogalamu yojambulira nyumba pakompyuta, zomwe zikutuluka ndi zogwirira, maloko ndi mahinjesi pa pulani ya 1:100 mpaka pepala kuda bii. Ndiyankha mbali ya family yokhayo, kutanthauza fayilo yomwe imasunga kapangidwe ka chitsekocho. 

Amene akulangizani kuti muzingofufuta mizereyo ndi Linework n'kusankha Invisible lines, kaya anayesapo pa nyumba ya zitseko zambiri kaya. Njira imeneyo imagwira pa view imodzi (chojambula chimodzi cha nyumbayo, monga pulani), chitseko chimodzi. Mukapanga pulani ina ya nsanjika yomweyo muyambiranso. Hide in View nayo imabisa chitseko chonse, osati chogwirira chokha. Vuto lili m'kati mwa family, ndiye kakonzeni komweko.

Tsegulani chitsekocho ndi Edit Family, pitani pa Manage, kenako Object Styles. Pansi pa Doors mupeza kale ma subcategory (timagulu ta zidutswa za chitseko) monga Panel, Frame/Mullion, Glass, Plan Swing ndi Elevation Swing. Gwiritsani ntchito amenewa kaye musanapange anu. Thabwa la chitseko lipite ku Panel, felemu ku Frame/Mullion, galasi ku Glass. Watsopano mupange mmodzi yekha wa zitsulo zonse zing'onozing'ono, mwina mumutche Hardware. Mukatero dinani chidutswa chilichonse, pa Properties pansi pa Identity Data pali mzere wa Subcategory, musankhe pamenepo. Chidutswa chomwe mwasiya pa None chimangotsatira category yaikulu, ndipo simungachizimitse pachokha. Mukalowetsanso family mu pulojekiti, tayipani VG (chidule chotsegulira Visibility/Graphics), tambasulani Doors, chotsani chongi pa Hardware. Muchite zimenezi mu View Template kuti mapulani onse a 1:100 asinthire limodzi.

Koma chenjezo langa lalikulu ndi mayina. Revit imaona Hardware, Door Hardware ndi Ironmongery ngati zinthu zitatu zosiyana, ndipo family iliyonse yolowa imabwera ndi mayina ake n'kuwasiya mu Object Styles ya pulojekiti. Ine zinandionekera ndi zitseko ndi mawindo omwe mnzathu wina anakopera pa webusayiti ya kampani ina yopanga zinthuzi. Kunja zimaoneka zokongola kwabasi. Titatambasula Doors mu VG, mndandanda wake unali wosatha, mayina ena m'chinenero chomwe panalibe wochidziwa pagulu lathu, ena manambala okhaokha. Choipa kwambiri n'chakuti zogwirira zake sizinajambulidwe mu Revit. Anangoponyamo fayilo ya DWG (mtundu wa fayilo ya zojambula za AutoCAD), ndiye ma layer ake anakagwera ku Imports in Families, kutali ndi Doors. Timazimitsa ichi, chogwirira chili pomwepo. Timazimitsa icho, galasi la zenera lasowa pa elevation. Titafufuta ma subcategory achilendowo mu pulojekiti, zidutswazo zinabwerera ku category yaikulu, koma munthu wina atangolowetsanso family ija osaikonza, onse anabwerera. Mapeto ake tinajambula zitsekozo patokha, ndipo zinatenga nthawi yochepa kusiyana ndi yomwe tinataya posakasaka.

Ndiye family yochokera pa intaneti musamaiponye mu pulojekiti yeniyeni mwachindunji. Itsegulireni payokha, onani Object Styles yake, onani kukula kwa fayilo. Chitseko wamba chikafika mamegabayiti angapo, dziwani kuti m'katimo muli katundu wosafunika. Ndipo lembani mndandanda wa mayina ovomerezeka omwe aliyense wopanga family pagulu lanu azitsatira chilembo ndi chilembo.

China chomwe chimasokoneza ambiri: ngati dzina la subcategory lilipo kale mu pulojekiti, makulidwe a mzere, mtundu ndi material zomwe mwaika mu family sizipambana. Za pulojekiti ndi zomwe zimalamula. Mukaona kuti mwaika cholembera nambala 1 mu family koma papepala mzere ukutuluka wonenepa, musavutike n'kulowetsanso kambirimbiri, kasintheni mu Object Styles ya pulojekiti.

Subcategory ndi theka chabe la nkhaniyi. Chidutswa chilichonse chili ndi Visibility Settings yake. Pa chogwirira chotsani Coarse ndi Medium, musiye Fine yokha (iyi ndi milingo ya tsatanetsatane yemwe view imaonetsa, Fine ndiye wapamwamba), ndipo chotsaninso Plan/RCP ngati simukuchifuna pa pulani n'komwe. Ine pa zitseko ndimazimitsa thabwa la 3D pa pulani, n'kujambula chitseko chotsegula ndi uta woonetsa momwe chimatsegukira pogwiritsa ntchito Symbolic Lines pa Plan Swing. Mizere imeneyi siioneka mu 3D, ndipo pulani imatuluka yoyera. Mukajambula ndi Model Lines, utawo muupeza uli gone pansi mu 3D view iliyonse.

Za Yes/No parameter (kabokosi ka chongi koyatsira ndi kuzimitsira chidutswa) zomwe wina wakulangizani, si zolakwika, koma ntchito yake ndi ina. Mukalumikiza Visible ku parameter yotere, chinthucho chimazima m'ma view onse nthawi imodzi. N'choyenera pa funso loti chitseko ichi chili ndi galasi kapena ayi. Sichiyenera pa funso loti pepala ili lionetse chiyani. Samalaninso kuti void (chidutswa chomwe chimaboola zinzake) ilibe Visible, imadulabe ngakhale mwazimitsa galasi lomwe limayenera kutseka bowolo, ndiye mutsala ndi chitseko chobooka. Komanso kudzaza mitundu khumi ya zogwirira mu family imodzi n'kumazizimitsa sikuchepetsa fayilo, zonse mwazisenzabe. Musanalowetse mu pulojekiti yatsani Preview Visibility pansi pa Family Editor, musinthe Coarse, Medium ndi Fine muone chomwe chikutsala, chifukwa popanda iyo zinthu zozimitsidwa zimangooneka zotuwa, sizisowa.

Musayembekezerenso kuti ma Filter (malamulo a mu VG osankha zinthu zoti zibisike kapena zisinthe maonekedwe) akuthandizani apa. Filter imagwira chitseko chonse, siifika pa subcategory.

Kamodzi kowonjezera, poti mwati mumatumiza ma DWG kwa mainjiniya: pa Export Setups subcategory iliyonse mukhoza kuipatsa layer yakeyake. Hardware ikakhala payokha, iwonso atha kuizimitsa kwawoko osakuimbirani foni. Chimodzimodzi malo omwe chitseko chimafuna kuti chitseguke bwino: ajambuleni ngati chidutswa cha 3D pa subcategory yotchedwa Clearance, muzizimitsa pamapepala opita kukapulintidwa, muziyatsa mu view yomwe mumatumiza ku pulogalamu ya Navisworks pofufuza zinthu zogundana.